Bwinja la Golide ku Montana: Boma Linagula Mudzi Pamodzi ndi Katundu Wake

Mu caka ca 1997 Nyumba ya Malamulo ya cigawo ca Montana, ca kumpoto kwa dziko la America, inabvomereza kuti Boma la cigawoco litulutse ndalama zokwana madola 6.5 miliyoni kugulira mabwinja. Midzi yake ndi iwiri yoyandikana, Virginia City ndi Nevada City, ndipo yonse inamangidwa ndi anthu okumba golide amene anacokamo kalekale. Boma silinagule mgodi uliwonse, pakuti golide wa phindu anali atatha. Linagula nyumba zakale 248, zambiri za mitengo ndi matabwa, malo okwana maekala 160, ndiponso katundu yense amene anali m'nyumbazo, kuyambira ngolo za akavalo, makina osindikizira nyuzi ndi mabogi a sitima, kufikira nsapato, mabotolo a mankhwala ndi mabuku a m'masitolo. Mlimi amene adziwa kuwawa kwa kupeza ndalama ya msonkho angathe kugwira pakamwa pakumva zotere, ndi kufunsa ngati atsogoleriwo analibe cina ca nzeru cocita ndi cuma ca anthu. Funso limeneli ndi loyenera, ndipo lifunika yankho losabisa kanthu. Yankho lake ndi lakuti aphungu a ku Montana anacita bwino, ndipo cimene anakhoza koposa ndico kugula zonse pamodzi, mudzi ndi katundu wake, zisanamwazike.

Palibe munthu wokulira kumudzi amene sadziwa bwinja. Pamene panali mudzi pamatsala mitengo ya mango, mapale, mphero yosweka ndi manda, ndipo akulu akamadutsapo amaloza ndi cala kuti apa panali bwalo, apo panali khola la uje. Nyumba za dothi ndi udzu sizicedwa kubwerera ku nthaka. Madzinja atatu kapena anai akwanira. Ku mapiri a kumadzulo kwa America zinthu zisiyana. Kumeneko mpweya ndi wouma ndi wozizira, ciswe sicibvuta kwenikweni, ndipo nyumba ya mitengo ingathe kuima zaka zambiri mwini wake atacoka. Cifukwa ca ici kuli midzi yathunthu yokhala ndi miseu, masitolo, ndende ndi mahotela, koma yopanda utsi wa pamoto ngakhale kulira kwa mwana. Anthu a kumeneko amaicha midzi ya mizukwa. Sikuti muli mizukwa ai. Dzinalo lingotanthauza kuti anthu anatha, nyumba zinatsala.

Mbiri ya Virginia City iyamba pa 26 May, 1863. Amuna 6, ena mwa iwo Bill Fairweather ndi Henry Edgar, anali paulendo wofuna golide ca ku mtsinje wa Yellowstone pamene anthu a mtundu wa Crow, eni dziko la kumeneko, anawagwira ndi kuwabweza. Pobwerera anagona pa kamtsinje kena kodzala ndi mitengo yochedwa alder, ndipo m'mcenga wake anapezamo golide woculuka. Anapangana kusunga cinsinsi, koma atapita kukagula zakudya ku Bannack, mudzi wina wa migodi, mphekesera inawanda, ndipo pobwerera mazana a anthu anawalondola. Pofika caka cotsatira, anthu pafupifupi 10,000 anali atamanga misasa ndi nyumba m'khwawa lonselo, limene linachedwa Alder Gulch, pa mtunda wa makilomita oposa 20. Akuti m'zaka zitatu zoyamba munatuluka golide wa madola 30 miliyoni pa mtengo wa masiku amenewo. Ngakhale dzina la mudziwo lili ndi nkhani yake. Nthawi imeneyo dziko la America linali pa nkhondo ya paciweniweni yokhudza ukapolo, ndipo okumba golide ena, okonda mbali ya eni akapolo, anafuna kucha mudziwo Varina, dzina la mkazi wa mtsogoleri wao Jefferson Davis. Woweruza amene anapatsidwa mapepala, G. G. Bissell, anakana kulemba dzinalo, nalemba Virginia m'malo mwake.

Pamene pali ndalama zamwadzidzidzi, pamakhalanso umbava. Anthu onyamula golide anali kufwambidwa m'njira, ndipo kumapeto kwa 1863 amuna ena a m'khwawamo anapanga gulu lodziweruzira okha milandu. M'milungu yocepa anapacika anthu oposa 20, kuphatikizapo Henry Plummer, mkulu wa apolisi wosankhidwa ndi anthu, amene anaphedwa ku Bannack pa 10 January, 1864. Patapita masiku anai, amuna ena asanu anapacikidwa m'Virginia City momwemo, pa mtanda wa nyumba imene inali isanafoleredwe. Akatswiri a mbiri atsutsana mpaka lero ngati onsewo analidi olakwa. Koma mudzi unakulabe. Nyuzi ya Montana Post inayamba kusindikizidwa kumeneko mu 1864, ndipo mu 1865 Virginia City inakhala likulu la Montana yense.

Ulemerero umenewu sunakhalitse. Golide wa pamwamba atacepa, anthu anathamangira ku migodi yatsopano, makamaka ku Helena, ndipo mu 1875 likulu nalo linasamukira komweko. Njanji zikuluzikulu zinadutsa kwina. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1890 kunadza makampani ndi makina akuluakulu oyandama pa madzi, amene anali kufukula khwawa lonse, kusefa golide wotsalira ndi kulabvula miyala kumbuyo. Makina amenewa anameza mbali yaikulu ya Nevada City, ndipo milu ya miyala imene anasiya ioneka mpaka lero m'mbali mwa mseu. Mu 1942, pa nthawi ya nkhondo yaciwiri ya dziko lonse, Boma la America linalamula kuti migodi ya golide iimitsidwe kuti anchito akakumbe zitsulo zofunika ku nkhondo. Virginia City sinafe kotheratu, pakuti maofesi a Boma la dera la Madison anatsalira pomwepo, ndipo mpaka lero mukhala anthu pafupifupi 200. Koma mseu wake waukulu, Wallace Street, unasanduka mzere wa masitolo okhoma. Cimene cinapulumutsa nyumbazo ndi umphawi: panalibe munthu wa ndalama zoti azigwetse ndi kumanga zatsopano.

Ndi mmene zinthu zinalili pamene a Charles Bovey ndi akazi ao a Sue anafika kumeneko mu 1944. A Bovey anali mwana wa banja lolemera la ku Minneapolis, la malonda a zigayo za tirigu. Anakhazikika ku Great Falls m'Montana, kumene anali mlimi wa tirigu ndi ziweto, ndiponso phungu wa m'Nyumba ya Malamulo. Anali munthu wosatha kudutsa cinthu cakale osaima. Atafika ku Virginia City anapeza kuti nyumba zina za 1863 zinali kuphwasulidwa kuti matabwa ake akhale nkhuni. Anayamba kuzigula imodzi-imodzi, kuzicirikiza, kuzifolera, ndi kusiya zamkati monga anazipezera. Sitolo ya nsalu ndi zobvala ya azimai awiri apacibale a banja la McGovern ndi citsanzo cimene alendo ambiri akumbukira. Itatsekedwa m'zaka za m'ma 1940, katundu wosagulidwa anatsala m'mashelefu, wina wa zaka zambiri kumbuyoko, ndipo ali momwemo mpaka lero.

Ku Nevada City, makilomita oposa 2 kutsika khwawa, a Bovey anacita zina. Kuyambira 1940 anali atasonkhanitsa nyumba zakale pa bwalo la cionetsero ca zaulimi ku Great Falls, ndipo mu 1959 anauzidwa kuti azicotsepo. Anazinyamula pa malole ndi kuziimika ku Nevada City, pambali pa nyumba khumi ndi zingapo zimene zinapulumuka ku makina aja. Kenaka anapitiriza kutola nyumba zina m'mabwinja a Montana yense, mpaka zinafika pafupifupi 100. Pali nyumba ya mmisiri wosoka zishalo za akavalo yocokera ku Fort Benton, ndiponso kasukulu ka mitengo kocokera ku Twin Bridges. Pali holo yodzala ndi makina oimba okha, malimba akuluakulu a m'zionetsero ndi mapiyano amene ayamba kulira munthu akaponyamo kobili. Ena mwa iwo anawagula kutali ku New York. Opanga mafilimu anadza kudzajambulako, monga filimu ya Little Big Man ya mu 1970. Mu 1961 Boma lalikulu la America linaika Virginia City pa mndandanda wa malo a mbiri ya dziko lonse.

A Bovey anamwalira mu 1978, ndipo akazi ao anatsatira mu 1988. Zonse zinatsala m'manja mwa mwana wao mmodzi. Apa ndi pamene nkhani ifika pa mtima pake. Alendo amabwera kumeneko miyezi yocepa yokha ya nyengo yotentha, ndipo ndalama za pakhomo sizinali kukwanira kusamala nyumba mazana awiri ndi theka. M'nyengo yozizira kumagwa cipale, ndico cisanu coyera cimene cigwa ngati ufa ndi kuunjikana pa madenga, ndipo cikasungunuka madzi amalowa m'mitengo ya pansi ndi kuioletsa. Madenga anayamba kudontha, makoma kupendekeka. Kuciyambi kwa zaka za m'ma 1990 bungwe la National Trust for Historic Preservation, limene liyang'anira malo a mbiri m'America, linachula Virginia City pakati pa malo amene anali pangozi yaikulu. Mwini wake anali wokonzeka kugulitsa, ndipo palibe angamuimbe mlandu pa ici. Katundu anali wake mwalamulo, ndipo mtolowo unali wolemera kuposa thumba la banja limodzi.

Tsono m'malonda a zinthu zakale muli msampha umene anthu ambiri sauona msanga. Nyumba yopendekeka ya pa phiri lakutali ilibe mtengo waukulu, cifukwa woigula agula ndi mabvuto ake omwe. Koma limba loimba lokha, mfuti yakale, ngolo ya akavalo kapena cikwangwani ca sitolo cingathe kukwezedwa pa lole ndi kupita ku okushoni, kumene anthu olemera apikisana mitengo. Pa madola 6.5 miliyoni aja, gawo lalikulu linali mtengo wa katundu, osati wa nyumba ndi malo. Conco njira yacidule yopezera ndalama zambiri inali yoonekeratu: kutulutsa zabwino zonse, kuzigulitsa cimodzi-cimodzi kwa aliyense wopereka zambiri, ndi kusiya nyumba zopanda kanthu kuti zidzigwere zokha. Cinthu ciriconse cikanapeza mbuye wake, ndipo mwina ambuyewo akanazisamala bwino, kuzipukuta fumbi ndi kuziika m'magalasi. Komabe Virginia City ikanafa kaciwiri, ndipo imfa yaciwiriyo ikanakhala yeniyeni.

Cifukwa cake nkosabvuta kucimva. Nsapato ya mu 1900 ikakhala m'cipinda cocezera ca munthu wolemera ku Chicago, ndi nsapato yakale cabe. Nsapato yomweyo ikakhala pa shelefu pamene mwini sitolo anaiika, m'bokosi lake, pafupi ndi nsalu ndi zipewa zimene zinadza nayo, moyang'anana ndi mseu umene oigula anali kuyendamo, imanena zambiri. Imanena zimene akazi a anchito a m'migodi anali kubvala, zimene sakanatha kugula, ndi mmene malonda anazimiririka pamene anthu anali kucoka. Mwana wa sukulu angathe kuphunzira m'sitolo imodzi yotere zimene buku silingamuonetse. Anthu a kumidzi adziwa bwino zimene zicitika pamene acibale alimbirana cuma ca masiye. Wina atenga njinga, wina malata, wina mbale ndi mipando. Aliyense apita ndi kanthu, ndipo kanthu kalikonse kagwirabe nchito kumene kapita, koma khomo lija latha, ndipo ana a malemu alibenso poloza kuti kwao ndi apa. Kuzibwezanso pamodzi sikutheka, pakuti madzi akatayika saoleka.

Izi si zongoganizira, pakuti zinacitika kwina m'America momwemo. Ku Connecticut, ca kum'mawa kwa dzikolo, kuli mudzi wochedwa Johnsonville, umene kale unali ndi fakitale yopota zingwe. M'zaka za m'ma 1960 unagulidwa ndi munthu wa mafakitale, a Raymond Schmitt, amene anali ndi mtima wofanana ndi wa a Bovey. Anasamutsirako nyumba zakale, kasukulu, kachalichi ndi khola la akavalo, nazidzaza ndi katundu wakale. Atamwalira mu 1998, zambiri mwa zinthuzo zinagulitsidwa, ndipo mudzi unatsala gwa, utoto uli kusupuka, kwa zaka pafupifupi 20. Mu 2017 unagulidwa pa madola 1.85 miliyoni ndi mpingo wa Iglesia ni Cristo wocokera ku Philippines. Nyumba zilipo ndithu, koma zimene a Schmitt anasonkhanitsa m'moyo wao wonse palibe angazisonkhanitsenso.

Ena anganene kuti si wogula aliyense amene amwaza, ndipo anena zoona. Mudzi wa migodi ya siliva wa Cerro Gordo, pa mapiri a California, unagulidwa mu 2018 pa madola 1.4 miliyoni ndi a Brent Underwood ndi anzao. A Underwood anasamukira komweko mu 2020, ndipo nchito yao yokonza nyumba ndi kufufuza m'migodi yaonedwa ndi anthu mamiliyoni pa YouTube. Munthu wa cilungamo sangawanene kuti ndi woononga. Ngakhale zili tero, pa 15 June, 2020 moto unanyeketsa hotela ya mudziwo, American Hotel, yomangidwa mu 1871, ndipo nchito yomanga ina m'malo mwake inadalira khama lao ndi thandizo la owatsatira. Mudzi wokhala m'manja mwa munthu mmodzi uyenda ndi thanzi lake, thumba lake ndi mtima wa amene adzalowa m'malo mwake. A Bovey anali woyang'anira wabwino koposa amene bwinja lingapeze, koma anali munthu, ndipo munthu amafa. Akale sananame ponena kuti mutu umodzi susenza denga. Pano madenga ake anali 248.

Nanga ndalama zinacokera kuti? Montana ili ndi malasha ambiri, ndipo kuyambira m'zaka za m'ma 1970 Boma limadula msonkho pa malasha okumbidwa ndi kusunga mbali ina m'matumba apadera. Limodzi mwa matumbawo ndi la zacikhalidwe ndi zaluso. Pafupifupi madola 3.9 miliyoni a mtengo wa Virginia City anatengedwa m'thumba limeneli. Kunali kupweteka kwake, pakuti phindu la thumbalo ndilo limathandiza oimba, a zisudzo ndi nyumba zazing'ono zosungiramo zinthu zakale m'cigawo conse, ndipo m'zaka zotsatira aphungu anabwezamo ndalama. Koma m'cigamuloco munali nzeru imene anthu a dziko liri lonse la migodi angaimve. Golide wa Alder Gulch anatuluka napita, ambiri mwa omukumba anafa osauka, ndipo cimene cinatsalira ana a Montana ndi milu ya miyala ndi nyumba zija. Kutenga pang'ono pa cuma ca m'nthaka ca lero kusungira umboni wa mmene cuma ca m'nthaka ca dzulo cinathera, si kuononga ndalama. Mgodi uli wonse uli ndi tsiku lake lotsiriza, ndipo ndi bwino kuti ana aone ndi maso ao mudzi umene tsikulo linaufikira.

Kuyamikira aphunguwo sikutanthauza kuti anakhoza zonse. Caka comweco ca 1997 anakhazikitsa bungwe la Montana Heritage Commission kuti liyang'anire malowo, koma analipatsa lamulo lakuti liyesetse kudzipezera lokha ndalama zoyendetsera nchito, kudzera m'matikiti a pakhomo, lendi ya masitolo ndi mahotela, ndi kasitima konyamula alendo pakati pa midzi iwiriyo, pamodzi ndi gawo lina la msonkho wa malo ogona alendo. Apa panali kudzinyenga. Ngati banja la a Bovey, limene linali ndi cuma cake, linalephera kufolera madenga ndi ndalama za alendo, kodi bungwe la Boma likanatha bwanji ndi ndalama zomwezo? Kugula ng'ombe ndi nchito ya tsiku limodzi, koma msipu, dibi ndi khola zifunika caka ndi caka. Ngakhale kuwerenga katundu yekhayo kunali nchito ya zaka zambiri, pakuti zinthuzo ndi mazana a zikwi, ndipo a Bovey anali wotola, sanali mlembi. Cinthu cimene sicinalembedwe m'kaundula cikasowa, palibe angadziwe kuti casowa.

Umphawi umenewu ndiwo unatsegula khomo la ciyeso mu 2011. Pakati pa katundu wa a Bovey panali bokosi la galasi lokhala ndi cidole ca mzimai woombeza, copangidwa kuciyambi kwa zaka za m'ma 1900. Munthu akaponyamo kobili, cidoleco cinali kulankhula za tsogolo lake ndi mau ocokera m'kalimba kobisika mkati. Makina otere olankhula atsala owerengeka kwambiri pa dziko lapansi. Manyuzi analemba kuti David Copperfield, katswiri wochuka wa zionetsero za matsenga amene asonkhanitsa makina a mtundu umenewu, anali wokonzeka kupereka madola pafupifupi 2 miliyoni. Ndalama imeneyi inali pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a mtengo wonse wa mu 1997, ndipo ikanafolera madenga ambiri. Cidole sicinagulitsidwe. Kukana kumeneku kunali koyenera, ngakhale kuti cidoleco cilibe mbiri ndi okumba golide a 1863. Boma likangoyamba kugulitsa cabwino koposa kuti likonze zotsala, caka ciri conse padzapezeka denga lodontha ndi wogula wa ndalama m'manja, ndipo potsiriza lidzakhala litacita pang'onopang'ono zomwe linaletsa mu 1997.

Pali cinthu cinanso cimene umwini wa anthu onse utheketsa, ndico kukonza zimene wosonkhanitsa analakwitsa. Pakuti a Bovey nawo, m'cikondi cao comweco, anazula zinthu pa malo ake. Nevada City ya lero si mudzi umene unalipo mu 1864. Ndi msonkhano wa nyumba zocokera m'madera osiyanasiyana, ndipo mlendo ayenera kuuzidwa zimenezi poyera. M'zaka za m'ma 1940 a Bovey anagula katundu wa m'sitolo ya anthu a ku China yochedwa Wah Chong Tai, ya mumzinda wa migodi ya kopa wa Butte, ndipo pambuyo pake anamuika ku Nevada City. Patapita zaka Boma litagula zonse, zinthu pafupifupi 2,500 za m'sitoloyo zinabwerekedwa ku bungwe la Mai Wah Society, limene lisunga mbiri ya anthu a ku Asia m'Butte, ndipo zinabwezedwa m'nyumba yomwe zinacokera. Zikanapita ku okushoni, zikanakhala m'manyumba mazana, ndipo sitoloyo ikanakhala cipinda copanda kanthu.

Mwini watsopano ali ndi udindo wonena mbiri yonse, osati yokoma kwa alendo yokha. Kwa zaka zambiri nkhani ya Virginia City inali ya Azungu a mfuti, zingwe ndi golide. Koma pa kalembera wa 1870, pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu alionse m'mudziwo anali wa ku China, ndipo ambiri anali kusefanso mcenga umene Azungu anausiya poyesa kuti watha. Dziko lozungulira linali la kusaka ndi kuyendamo kwa anthu a mitundu ya Shoshone ndi Bannock golide asanapezeke. Pa 24 September, 1868, m'Virginia City momwemo, mfumu yao Tendoy ndi akulu anzake anasaina pangano lopereka dziko lao posinthana ndi kadera kocepa ndi thandizo la Boma. Nyumba ya Malamulo yaikulu ku Washington sinabvomereze panganolo, koma dziko linatengedwabe, ndipo mu 1907 anthu a Tendoy anasamutsidwira ku Fort Hall m'cigawo ca Idaho. M'masitolo a Wallace Street mulibe shelefu imene ingaonetse zimenezi. Zifunika kulembedwa pa zikwangwani ndi kunenedwa ndi oonetsa alendo, ndipo Boma, limene litenga msonkho kwa zidzukulu za mitundu yonseyi, silingathawe nchito imeneyi.

Nyumba ija imene amuna asanu anapacikidwamo pa 14 January, 1864 iripobe pa Wallace Street, ndipo alendo amasuzumira kuti aone mtanda wake. Ambiri amadza atamva za cingwe cokha. Koma nyumba yomweyo pambuyo pake inakhala ofesi ya kampani yopereka madzi m'mudzimo, ndipo mwini kampaniyo anali mai Sarah Bickford, mzimai wacikuda amene anabadwira mu ukapolo kum'mwera kwa America nafika ku Virginia City ali mtsikana, nkhondo ija itatha. Amuna ao atamwalira mu 1900, anatenga nchito ya madzi m'manja mwao. Anali kuyang'anira mipope, kuyendera makasitomala ndi kutolera ndalama kwa Azungu a m'mudzi umene poyamba unafuna kuchedwa dzina la mkazi wa mtsogoleri wa eni akapolo, ndipo anaigwira nchitoyo mpaka imfa yao mu 1931.